Kunenepa pambuyo pa mavuto: chimachitika n'chiyani m'thupi, nanga kumachepa bwanji?

M'magulu a WhatsApp masiku ano sabata siitha osaona chithunzi cha tiyi wochepetsa mimba, lamba womanga m'chiuno, kapena uthenga wa jakisoni amene akuti anthu a ku America akuonda naye osatuluka thukuta. M'munsi mwake mumabwera mafunso omwewomwewo. Ndisiye nsima? Ndizimwa madzi a mandimu m'mawa? Ndikalembetse ku jimu? Ambiri mwa ofunsawo si ongofuna kutchena. Ndi anthu amene anagweredwa zovuta, wina maliro, wina kutha kwa banja, wina kuchotsedwa ntchito, wina kuthyoka mwendo pa ngozi ya kabaza, ndipo pamene amati adzuke adzisase fumbi, anapeza zovala zonse zikukana.

Ine ndine mmodzi wa iwo. Ndinadwazika mayi anga miyezi isanu m'chipatala. Amene anadwazikapo akudziwa: kugona pa chitenje m'mbali mwa bedi, kudzuka katatu kanayi usiku, chakudya n'chimene chili pafupi ndi geti, tchipisi cha pachiwaya, mandasi, botolo la zoziziritsa kukhosi. Mayi atatisiya ndinadzitsekera m'nyumba, osafuna kuona munthu. Patapita chaka ndinapita kwa telala wanga kukasoketsa diresi la chinkhoswe cha mng'ono wanga. Anazunguliza tepi m'chiuno mwanga, n'kuyang'ana m'kope mmene analemba miyeso yanga yakale, n'kuyezanso kachiwiri. Kenako anati, motsitsa mawu, "Amayi, nsaluyi siikwana, muwonjezereko mita imodzi." Sabata yomweyo namwino anandiyeza BP, n'kundiuza kuti ndikhale kaye phee kwa mphindi zingapo ayezenso. Inali yokwerabe. Sikelo inaonetsa kuti ndinali nditawonjezera makilogalamu 17.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga ndi kufunsa a zaumoyo, ndipo ndikufuna kufotokoza zimene ndinamva m'chinenero chathu, chifukwa ogulitsa tiyi aja amadyera pa kusamvetsa kwathu.

Nkhokwe ya m'thupi

Chakudya chilichonse chili ndi mphamvu. Mphamvuzo amaziyeza ndi muyeso wotchedwa kalori, monga momwe chimanga timachiyezera ndi ndowa. Mayi amagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 2,000 pa tsiku, bambo pafupifupi 2,500. Wolima kapena wopalasa kabaza amaposa pamenepa, wokhala pampando tsiku lonse safikapo.

Gawo lalikulu la mphamvuzi, pakati pa 60 ndi 70 mwa 100, limatha munthu ali chikhalire: mtima kugunda, mapapo kupuma, ubongo kuganiza, impso kusefa magazi, thupi kukhala lofunda. Pafupifupi 10 mwa 100 zimathera pogaya chakudya chomwecho. Zotsalazo n'zimene timayendera, kuchapira, kusesera ndi kutungira madzi.

Zikatsalako, thupi silitaya. Limakolola n'kuika m'nkhokwe, ndipo nkhokwe yake ndi mafuta. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Makolo athu anapulumuka zaka za njala chifukwa cha nkhokwe imeneyi, choncho thupi lonenepa si thupi lowonongeka. Likugwira ntchito imene linalengedwera. Vuto n'lakuti njala imene likuikonzekerayo siikubwera, ndipo nkhokwe ikungodzaza chaka ndi chaka.

Zakudya sizifanana mphamvu. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, ya mowa 7, pamene ya zakudya zokhutitsa monga ufa, mpunga ndi shuga ili ndi 4, chimodzimodzi ya zomanga thupi monga nsomba ndi nyama yopanda mafuta. Manambala anayiwa muwasunge, tiwafuna tikafika pa mbale ya nsima.

Chifukwa chiyani mavuto amanenepetsa?

Ena chisoni chimawaondetsa, chakudya chimakana kutsika kukhosi. Koma ambiri, masabata oyamba akadutsa, zimatembenuka. Pali zinthu zingapo zimene zimagwirira pamodzi.

M'thupi muli timadzi tonyamula uthenga kuchokera ku chiwalo china kupita ku china, totchedwa mahomoni. Munthu akakhala pa nkhawa, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa homoni yotchedwa cortisol. Ntchito yake ndi kukonzekeretsa thupi kuthawa kapena kumenyana: imakweza shuga m'magazi kuti minofu ipeze mphamvu msanga. Mkango ukadutsa, iyenera kutsika. Koma ngongole, milandu ya katundu wa masiye kapena kusowa ntchito sizidutsa ngati mkango. Cortisol ikakhala pamwamba miyezi ndi miyezi, chilakolako cha zotsekemera ndi zamafuta chimakula, ndipo mafuta amakonda kuunjikana pamimba.

Kenako tulo. Mu 2004, akatswiri a pa University of Chicago anagoneka anyamata 12 maola 4 okha kwa masiku awiri, n'kuyerekeza ndi pamene anagona maola 10. Anayeza mahomoni awiri. Ghrelin, yochokera m'chifu, ndi imene imauza ubongo kuti njala yafika. Inakwera ndi 28 mwa 100. Leptin, yochokera m'mafuta a m'thupi, ndi imene imauza ubongo kuti nkhokwe ili ndi zokwanira. Inatsika ndi 18 mwa 100. Anyamatawo ankalakalaka makamaka zotsekemera, zamchere ndi zokhutitsa. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira mandasi a pa geti la chipatala aja. Masiku awiri okha anachita zimenezo. Ine ndinakhala miyezi isanu.

Palinso chinthu chimene sichifuna katswiri kuti achifotokoze. Chakudya chimatonthoza. Munthu akasowa womuuza za kukhosi, mphika suweruza ndipo suulula chinsinsi. Onjezanipo kukhala pansi: amene ankayenda kupita ku siteji ya minibasi m'mawa ndi madzulo, ntchito ikatha, ulendowo watha nawo.

Mankhwala ena nawonso amawonjezera thupi mwa anthu ena: prednisolone, amitriptyline, insulini, jakisoni wolera wa Depo, ndi mankhwala ena a matenda a maganizo. Dziko la Malawi linayamba kupereka ma ARV okhala ndi dolutegravir mu 2019, ndipo kafukufuku wotchedwa ADVANCE wa ku Johannesburg anaonetsa kuti omwa mankhwalawa ankanenepa kuposa omwa akale, makamaka amayi. Kunenepa kwina kotere kumangokhala thupi kubwerera mwakale munthu akayamba kupeza bwino. Chonde musasiye mankhwala alionse chifukwa cha sikelo. Kakambiraneni ndi amene anakulemberani.

Sikelo, BMI ndi chingwe

Kuchipatala amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa BMI, umene umayerekeza kulemera ndi kutalika. Mumatenga kutalika kwanu m'mamita, kuchulukitsa ndi nambala yomweyo, kenako kugawa makilogalamu anu ndi yankholo. Munthu wotalika mamita 1.6 wolemera makilogalamu 80: 1.6 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 2.56, ndipo 80 kugawa ndi 2.56 ndi 31. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kuyambira 18.5 mpaka 24.9 zili bwino, kuyambira 25 thupi lapitirira, kuyambira 30 ndi kunenepa koika moyo pachiswe.

BMI siisiyanitsa mafuta ndi minofu, ndiponso siinena pamene mafutawo akhala. Apa m'pofunika, chifukwa mafuta a m'ntchafu ndi m'matako savulaza ngati a m'kati mwa mimba, amene amakuta matumbo ndi chiwindi n'kumasokoneza mmene thupi limayendetsera shuga. Njira yoyezera a pamimbawa ndi yosalira ndalama. Tengani chingwe, muyeze kuchokera kuphazi mpaka pamutu, mudule. Chipindeni pakati, n'kuchizunguliza pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo, osakoka mpweya. Nsonga zake zikakumana, zili bwino. Zikapanda kukumana, m'chiuno mwanu mwaposa theka la msinkhu wanu, ndipo ndi bwino kukayezetsa BP ndi shuga ngakhale musakumva kupweteka paliponse. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Nkhaniyi si ya mayiko olemera okha. WHO inanena kuti mu 2022 munthu mmodzi mwa 8 alionse padziko lapansi anali wonenepa kwambiri. Kuno kwathu, kafukufuku wa dziko lonse wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 a zaka 15 mpaka 49 anali ndi thupi lopitirira muyeso, pamene mu 1992 anali 10 mwa 100. M'tauni chiwerengerocho chinali chokwera kwambiri kuposa kumudzi.

Mafuta akachoka amapita kuti?

Ambiri amaganiza kuti amatuluka ndi thukuta kapena kuchimbudzi, n'chifukwa chake amavala majuzi pothamanga dzuwa likuswa mtengo, kapena kumwa zotsegula m'mimba. Mu 2014, Ruben Meerman ndi Andrew Brown a ku Australia anawerengetsera bwinobwino: pa makilogalamu 10 a mafuta amene thupi lagwiritsa ntchito, 8.4 amatuluka ndi mpweya umene timapuma, ndipo 1.6 amasanduka madzi. Mafuta amachoka pokhapokha thupi likapereweredwa mphamvu za m'chakudya n'kuyamba kutapa m'nkhokwe. Thukuta ndi madzi chabe, mukamwa kapu ziwiri abwerera.

Thupi limatapa paliponse pamene lafuna. Palibe masewero kapena lamba amene angalilamule kuti liyambire pamimba.

Munthu akamadya makalori 500 ochepera pa amene thupi likugwiritsa ntchito tsiku lililonse, poyamba amataya pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata. A zaumoyo amalangiza liwiro la theka mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Sabata yoyamba sikelo imatha kutsika ndi makilogalamu awiri kapena atatu, koma musanyengeke: thupi limasunga shuga wina m'chiwindi ndi m'minofu pamodzi ndi madzi ochuluka katatu kuposa shugayo, ndipo ndi madziwo amene amayamba kuchoka. Ogulitsa tiyi amajambula zithunzi zawo pa sabata imeneyi.

Mbale ya nsima

Funso la nsima ndi limene limavutitsa anthu kwambiri, ndipo yankho langa n'lakuti nsima si mdani. Agogo athu ankadya nsima kawiri pa tsiku osanenepa, chifukwa ankachokera kumunda ndi khasu paphewa, ndiwo zinali zamasamba zambiri, mafuta ophikira anali a apo ndi apo. Ife tasunga mitanda ya mlimi koma khasu tinalisiya.

Ufa wa chimanga magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360. Mgaiwa ndi ufa woyera sizisiyana kwenikweni pa makalori. Kusiyana kwake ndi gaga: amachedwetsa chakudya m'mimba, shuga sakwera mwadzidzidzi, ndipo njala imachedwa kubwerera. Choncho kusintha ufa kumathandiza, koma mitanda inayi ya mgaiwa ndi mitanda inayi basi.

Chimene chinandithandiza ine ndi kusintha malo a zinthu m'mbale. Kale nsima inkatenga mbale yonse, ndiwo zili pakona ngati zokometsera. Tsopano theka la mbale ndi masamba: bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, kholowa, therere, chilichonse chimene chili pamsika nyengo imeneyo. Theka linalo ndimaligawa pawiri, mbali ina nsima, mbali ina zomanga thupi: nyemba, khobwe, nandolo, usipa, matemba, dzira, nkhuku yochotsa khungu. Ndimayamba kudya masamba ndi nyembazo ndisanateme nsima. Mimba imadzaza chimodzimodzi, koma makalori amachepa kwambiri chifukwa gawo lalikulu la masamba ndi madzi ndi ulusi. Zomanga thupi zili ndi ubwino winanso: zimakhalitsa m'mimba kuposa zakudya zina zonse, ndipo zimateteza minofu kuti isathe pamodzi ndi mafuta. Magulu 6 a zakudya amene amatiphunzitsa ku sikelo ya ana onse akhalepo, chosintha ndi kuchuluka kwa lililonse.

Makalori ambiri amabisala m'zinthu zimene sitiziwerengera ngati chakudya. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Tsiku lina ndinathira mafuta mumphika wa repu monga mwa chizolowezi, kenako ndinawakhuthulira m'kapu kuti ndiyeze. Anakwana masipuni asanu. Ndiwo zamasamba zimene ndinkaziyesa zosanenepetsa zinali ndi makalori 600 a mafuta okha. Kuyambira tsikulo botolo silifika pamphika, ndimathira ndi sipuni. Nsinjiro nazo ndi zabwino m'thupi, koma mtedza pafupifupi theka lake ndi mafuta, choncho zotendera zisakhale phala.

Shuga wa m'tiyi: sipuni yaing'ono imodzi ndi makalori 16. Masipuni atatu m'kapu, kapu zitatu pa tsiku, pakutha pa mwezi ndi makalori oposa 4,000, amene ndi oposa theka la kilogalamu ya mafuta. Chitini cha Coca-Cola cha mamililita 330 chili ndi shuga pafupifupi magalamu 35, ndiye kuti masipuni aang'ono oposa 8. WHO imalangiza kuti shuga wothira asapitirire masipuni pafupifupi 12 pa tsiku, ndipo kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Thobwa, maheu ndi majuwisi othira shuga ali m'gulu lomweli. Choipa cha zakumwa n'chakuti sizikhutitsa, munthu amamwa makalori 300 n'kukadyabe nkhomaliro yonse. Mowa ndi chimodzimodzi, ndipo umabwera ndi mnzake kanyenya. Kwa munthu amene ali pachisoni, mowa uli ndi ngozi inanso yoposa ya mimba.

Za m'mapaketi nazo. Mu 2019, Kevin Hall wa ku National Institutes of Health ku America anasunga anthu 20 kwa mwezi, masabata awiri akudya zakudya zokonzedwa kwambiri kufakitale, masabata awiri zophikidwa kuchokera ku zinthu zachilengedwe, aliyense akudya mmene wafunira. Pa zakufakitale ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera pa tsiku osazindikira. Mbatata yophika, chimanga chootcha, gwafa kapena nthochi zimagwira bwino m'malo mwa mabisiketi, ndipo nthawi zambiri ndi zotchipa.

Kusiya zokhutitsa, kusiya mafuta kapena kusala kudya?

Amene ali ku South Africa amamva za Banting, kadyedwe kochepetsa kwambiri zokhutitsa kamene Tim Noakes wa ku Cape Town anakatchukitsa. Ena amati chepetsani mafuta. Ena amati idyani m'maola 8 okha pa tsiku, ena 16 musale. Gulu lililonse lili ndi mboni zake, ndipo mbonizo sizikunama.

Mu 2018, a pa Stanford University anagawa anthu 609 pawiri, ena kuchepetsa mafuta, ena kuchepetsa zokhutitsa, kwa chaka chathunthu. Oyambawo anataya makilogalamu pafupifupi 5, enawo pafupifupi 6, kusiyana kochepa moti akatswiriwo anati n'chimodzimodzi. M'gulu lililonse munali otaya kwambiri ndi ena onenepa kumene. Kusala kudya nakonso, poyerekeza ndi kungochepetsa chakudya, zotsatira zake zimafanana. Njira zonsezi zimagwira ntchito pa chifukwa chimodzi, zimachepetsa zolowa. Yoyenera inu ndi imene mungaipitirize pa thumba lanu komanso m'nyumba mmene mphika ndi umodzi. Wodwala shuga amene akubaya insulini kapena kumwa glibenclamide asayambe kusala kudya osafunsa kuchipatala, chifukwa shuga akhoza kutsika mpaka kukomoka. Mayi woyembekezera asachepetse thupi, ndipo woyamwitsa afunse kaye.

Masewero amachita chiyani, nanga sachita chiyani?

Munthu wa makilogalamu 80 akayenda ndawala kwa mphindi 30 amagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 150. Ndi chitini chimodzi cha zoziziritsa kukhosi chija. N'chifukwa chake ambiri amatuluka thukuta mwezi wathunthu, sikelo osasuntha, n'kugwa ulesi.

Katswiri wina, Herman Pontzer, anakayeza anthu a mtundu wa Hadza kumpoto kwa Tanzania, amene amayenda mitunda italiitali tsiku lililonse posaka nyama, uchi ndi mizu. Zotsatira zimene anatulutsa mu 2012 zinadabwitsa ambiri: poyerekeza ndi kukula kwa matupi awo, makalori amene ankagwiritsa ntchito pa tsiku sankasiyana kwenikweni ndi a anthu a m'maofesi a ku America ndi ku Ulaya. Zikuoneka kuti thupi likawononga mphamvu zambiri kwina, limapulumutsako kwina. Akatswiri akukambiranabe kuti limabweza zochuluka bwanji, koma amagwirizana kuti makilogalamu ambiri amachokera ku mbale.

Komatu masewero ali ndi ntchito zimene mbale singagwire. Amatsitsa BP ndi shuga ngakhale sikelo isasunthe. Amachepetsa mafuta a m'kati mwa mimba aja. Amasunga minofu. Amabweretsa tulo. Ndipo kwa munthu wosweka mtima, amachepetsa kuvutika maganizo. Zimenezi zaonetsedwa m'kafukufuku wambiri. Ine ndinayamba ndi mphindi khumi, kuchoka pakhomo kukafika pa mjigo n'kubwerera, m'bandakucha kuti anthu asandione. Sabata yachitatu mayi wina woyandikana nane, amene anataya mwamuna wake chaka chomwecho, anandipeza panjira n'kunena kuti, "Anzanga, mawa mudzandigogodere." Masiku ena tinkayenda osalankhulana. Masiku ena tinkalira tonse tikuyenda. Sindikudziwa kuti ndi makalori angati amene ndinataya m'njiramo, koma ndi m'mene ndinayambiranso kugona usiku wonse.

WHO imalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yopumitsa mofulumirako, ya mlingo woti mukhoza kulankhula koma simungathe kuimba, kuwonjezapo masiku awiri olimbitsa minofu. Jimu si yofunika kwenikweni. Kunyonyomala n'kudzuka mutagwira mpando, kukankha khoma, kunyamula zigubu za madzi, kulima dimba, kutsika minibasi siteji imodzi musanafike, zonsezi zimawerengedwa. Wovulala mwendo kapena msana afunse kuchipatala zimene angayambe nazo. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo, imani ndipo mukapimidwe.

Pamene thupi layamba kubwezera

Pakapita miyezi ingapo, kawirikawiri pafupi ndi mwezi wachisanu ndi chimodzi, sikelo imaima. Apa ndi pamene ambiri amadziona ngati olephera, koma chimene chikuchitika n'chodziwika bwino. Taganizani banja limene laona chimanga chikutsika m'nkhokwe mwezi wa Januwale. Limachepetsa mitanda, limasiya kuwononga, ndipo limatuma aliyense kukasaka ganyu. Thupi limachita zomwezo. Thupi laling'ono limafuna mphamvu zochepa, ndipo pamwamba pa izo limachepetsanso dala zimene limawononga, kwinaku likukweza njala.

Ku Melbourne m'dziko la Australia, akatswiri anatsatira anthu 50 amene anataya makilogalamu pafupifupi 13 m'masabata 10. Lipoti lawo la 2011 linaonetsa kuti patatha chaka, ghrelin inali idakali yokwera ndipo anthuwo ankamvabe njala kuposa asanayambe. Kevin Hall yemwe uja, mu 2016, anayeza anthu 14 amene anaonda mofulumira kwambiri pa mpikisano wa pa wailesi yakanema. Patatha zaka 6, ambiri anali atanenepanso, ndipo matupi awo ankagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 500 ochepera pa amene amayembekezereka kwa anthu a matupi ngati awo.

Choncho kusunga n'kovuta kuposa kutaya, ndipo njala yobwera pambuyo si kufooka kwa mtima. Ku America kuli kaundula wotchedwa National Weight Control Registry, amene anayamba mu 1994, wa anthu amene anataya makilogalamu oposa 13 n'kukhala chaka osawabweza. Ambiri mwa iwo amachita masewero pafupifupi ola limodzi pa tsiku, makamaka kuyenda, ndipo amadziyeza pa sikelo kamodzi pa sabata kapena kuposa. Apa ndi pamene masewero amaonetsa mphamvu yake yeniyeni. Ine mwezi umene mayi anatisiya ukafika, makilogalamu awiri amabwerera. Ndinaphunzira kuuyembekezera mweziwo, n'kuuza anzanga oyenda nawo aja kuti andigogodere ngakhale ndikane.

Muyenera kutaya zochuluka bwanji?

Zochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Kutaya 5 mpaka 10 mwa 100 ya kulemera kwanu, ndiye kuti makilogalamu 4.5 mpaka 9 kwa munthu wa makilogalamu 90, kumatsitsa BP, shuga ndi mafuta a m'magazi. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, wa anthu 3,234 amene anali pafupi kudwala shuga, anauza gulu limodzi kuti litaye 7 mwa 100 ya kulemera kwawo ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata. Zotsatira za mu 2002: matenda a shuga anachepa ndi 58 mwa 100 m'gululo, pamene mwa omwa mapiritsi a metformin anachepa ndi 31 mwa 100. Ku Britain, kafukufuku wa DiRECT wa 2017 anapeza kuti mwa odwala shuga amene anali asanakhalitse nawo matendawo, 46 mwa 100 shuga wawo anabwerera m'malo popanda mankhwala patatha chaka, ndipo mwa amene anataya makilogalamu 15 kapena kuposa anali 86 mwa 100. Kadyedwe kawo kanali kokhwima kwambiri ndipo ankayang'aniridwa ndi achipatala, si koyesera pawekha. Mawondo nawo amapuma: kilogalamu imodzi ikachoka, katundu wa pa bondo amachepa ndi pafupifupi makilogalamu anayi pa phazi lililonse limene mwaponda.

Nanga tiyi ndi jakisoni uja?

Tiyi wambiri wochepetsa thupi amakhala ndi zotsegula m'mimba kapena zokodzetsa. Chochoka ndi madzi ndi mchere wofunika m'thupi. Zinthu zina zogulitsidwa ngati zachilengedwe zapezekapo ndi sibutramine wobisika, mankhwala amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa chowonjezera matenda a mtima ndi sitiroko.

Jakisoni ndi nkhani ina. Semaglutide, amene amagulitsidwa ndi mayina a Ozempic ndi Wegovy, ndi mankhwala enieni. Amatsanzira homoni ya m'matumbo imene imauza ubongo kuti wakhuta. Pa kafukufuku wa 2021, obayidwa anataya pafupifupi 15 mwa 100 ya kulemera kwawo m'masabata 68. Amathandiza anthu amene kunenepa kwawafikitsa pa matenda. Koma ndi okwera mtengo, amabweretsa nseru, kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo amene anasiya anabweza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zimene anataya pakutha pa chaka. Mu 2024 WHO inachenjeza kuti kwapezeka achinyengo. Ndi ofunika kulemberedwa ndi dokotala, osati kugula kwa munthu wa pa Facebook.

"Mwaondatu, kodi mukudwala?"

Kwathu kuno kunenepa ndi chiyamikiro. Pamene ndinali pachimake pa chisoni, achibale ankandiuza kuti, "Mwanenepatu, zikuyenda." Nditataya makilogalamu 9, azakhali anga anandikokera pambali pa mwambo wina n'kundifunsa mwachikondi, "Mwanangu, usandibisire, wayezetsa?" Zaka zimene Edzi inatenga abale athu ali mafupa okhaokha zinasiya mantha amenewa, ndipo sindiwaimba mlandu. Ndinawauza za BP, za telala, za mjigo. Tsopano akamandiphikira amachulutsa nkhwani.

Funso lawo lili ndi nzeru yake. Kuonda kumene mwakufuna kumabwera pang'onopang'ono, mphamvu zikuwonjezeka. Kuonda kumene simunakufune ndi kwina: makilogalamu akamachoka musanasinthe kadyedwe, makamaka pamodzi ndi chifuwa chosatha, thukuta la usiku, ludzu ndi kukodza pafupipafupi, kapena kutopa kosaneneka, zikhoza kukhala TB, HIV, shuga kapena khansa, ndipo n'zofunika kupita kuchipatala sabata yomweyo. Chimodzimodzi ngati chisoni chakana kuchoka, palibe chimene chikukusangalatsani, mukudya mobisa mpaka kudwala kapena kudzisanzitsa, kapena mwayamba kuganiza zodzivulaza. Zikatero, sikelo idikire. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo apite nanu kwa a zaumoyo.